Dishi Idalidumpha Phiri la Kwathu kwa Msakambewa

Mapiri a kwa Msakambewa amakometsa maso a mlendo amene akukwera kuchokera ku Dowa boma kulowera cha ku Ntchisi, koma munthu amene wagula TV ndi ndalama zake za fodya amawaona mwina. Nyumba ya makolo anga ili m'chigwa, ndipo mtunda wautali udatchinga mbali yonse ya kumwera, komwe kuli Lilongwe. Kwa zaka zambirimbiri TV ya bambo inkangoonetsa mpunga wokhawokha, mawu ali shiii, nkhope ya wowerenga nkhani ikungotulukira ndi kumira. Lero ndikulemba ndi chimwemwe chodzadza tsaya, chifukwa m'nyumba yomweyo munthu akutha kuwerenga ngakhale timalemba ting'onoting'ono todutsa m'munsi mwa nkhani za madzulo.

Television Malawi idayamba kuulutsa mu April 1999, dziko lathu lili limodzi mwa maiko omalizira mu Africa kukhala ndi kanema wakewake. Bambo sadafune kutsalira. Chaka china fodya atayenda bwino ku okushoni ya ku Kanengo, adabwera ndi TV yaing'ono ya chimsana, batire la galimoto ndi eriyo. Batirelo tinkalinyamula pa njinga kukalitchajitsa, ndipo likafooka chithunzi chinkayamba kufinyika m'mbali.

Koma ntchito yaikulu inali pa eriyo. Poyamba idamangidwa pa nsungwi. Nsungwi itachepa, tidadula bulugamu wowongoka, kenako n'kulumikizaponso nsungwi ina pamwamba, mpaka mlongoti wathu unkaonekera kutali kuposa denga la tchalitchi. Madzulo alionse mwana mmodzi ankaima panja atagwira mlongotiwo, bambo ali m'nyumba kufuula pa zenera: "Zunguliza pang'ono, iwe! Wapitirira, bwerera! Pomwepo, usagwedezenso!" Ukangosiya kuti nawe ukaone, mphepo ya mwera inkaipotoza, mpunga n'kubwereranso. M'nyengo ya dzinja mayi sankagona tulo poopa kuti chitsulo chotalika choncho chiitana mphenzi.

Kenako kudabwera nyengo ya mabusita. Aliyense wochokera ku tauni ankati mankhwala ake ndi busita, ndipo bambo adagula ku Malangalanga n'kuiika kuseri kwa TV. Mpunga udangokula maso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Busita sipanga sigino pomwe palibe. Imakweza chilichonse chimene chafika kwa iyo, chabwino ndi phokoso lomwe. Ntchito yake yeniyeni n'kubwezeretsa mphamvu imene imatayika mu waya wautali, n'chifukwa chake imathandiza ikaikidwa pamwamba pafupi ndi eriyo, m'kabokosi kosalowa madzi, pamalo pomwe sigino ikufika ndithu ngakhale mofooka. Kwathu inkangofika mwa apo ndi apo. Mafunde a TV amayenda mowongoka kuchokera pa nsanja youlutsira, ndipo sakhota kuti atsike kuseri kwa phiri kudzatipeza m'chigwa.

Pa 11 January 2010, pamene Flames idathira Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Angola, khamu limene lidabwera kwathu lidathera pa wailesi ya mayi ya mabatire. Zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda tidazimva ndi makutu, TV ili pakona itafundidwa nsalu. Tidavina ndithu, koma bambo adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana nsaluyo.

Maiko atagwirizana kudzera ku bungwe la ITU kuti pofika 17 June 2015 akhale atasamukira ku kaulutsidwe ka digito, kuno kudabadwa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited ndi dikoda yake ya Kiliye Kiliye. Abale athu a ku Lumbadzi, komwe dziko n'lathyathyathya, adangogula dikoda ndi kaeriyo kakang'ono, chithunzi n'kuyera mbee. Digito ili ndi khalidwe lake: sigino ikakwana, chithunzi chimakhala changwiro; ikapelewera pang'ono, chimaduka timabokosi, n'kuuma, n'kuzimiratu. Ilibe zapakatikati. Choncho kwa anthu a m'zigwa funso lidali lomwe lija: kodi nsanja ndi eriyo yako zikuonana?

Yemwe adatimasula ndi mnyamata wina wa ku Mponela amene amamanga madishi. Adafika pa njinga yamoto m'chilimwe cha 2021, soya atagulitsidwa, ali ndi kamita koyezera sigino m'thumba. Adakwera padenga, adazungulira nyumba, adakweranso mpaka pamwamba pa mtunda. Atatsika adagwada pang'ono pafupi ndi mpando wa bambo.

"Bambo, pamwamba paja sigino ilipo yambiri. Mukadamanga nyumba pamenepo, eriyo yokha ikadakwana. Koma pano, ngakhale mutalumikiza mabulugamu atatu, phiri silisuntha."

"Ndiye titani, amisiri? Tisamuke?"

"Ayi, bambo. Tisiye kuyang'ana ku Lilongwe, tiyang'ane kumwamba."

Ine mawu amenewo adandikoma zedi, chifukwa ndi momwedi zinthu zilili. Setilaiti ya TV imakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa mzere wa equator, ndipo imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi momwe dzikolo limazungulirira. Choncho kwa munthu wa pansi imaoneka ngati yaima malo amodzi, ndipo dishi ukailoza bwino kamodzi, watha. Popeza Dowa ili madigiri 13 ndi kanthu chabe kumwera kwa equator, masetilaiti ambiri otumikira dera lino ali m'mwamba ndithu, chopendekera kumpoto. Phiri limene lidatizunza zaka zonsezo lili kumwera, ndipo ngakhale likadakhala kumpoto, dishi ikadaliyang'ana modumpha.

Kagwiridwe kake ka ntchito kadandisangalatsa. Adakana kukhoma dishi pa khoma la njerwa zomangira dothi, nati mphepo idzaigwedeza. Adakumba dzenje, n'kuimika paipi yachitsulo mu simenti, n'kuiyeza kuti iwongoke bwinobwino, n'kudikira kuti iume. Dishi adasankha ya masentimita 90, yokulirapo, kuti izigwira sigino yokwanira ngakhale kunja kuli mitambo. Adapempha kuti tidule nthambi imodzi ya mango imene inali kutsogolo kwake, pakuti masamba, makamaka akanyowa, amatchinga. Kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kotchedwa LNB adakapotoza pang'onopang'ono, maso ali pa kamita. Waya adaika watsopano, wosalumikiza pakati. Polumikizira pa LNB adakulunga ndi tepi kuti madzi asalowe, ndipo asanaulowetse m'nyumba adaupinda cham'munsi kuti madzi a mvula azidonthera panja osautsatira mpaka ku dikoda. Tinthu tating'ono ngati timeneti ndi timene timasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza.

Atayatsa, chithunzi chidabwera kamodzi n'kamodzi, chowala, mitundu yonse ili m'malo mwake. Mayi adaomba m'manja n'kuimba nthungululu yomwe idatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana. Bambo adanyamuka, adayandikira, adabwerera m'mbuyo, adayandikiranso, kenako adatembenuka: "ANabanda, taonani! Munthu uyu mpaka mabatani a malaya ake akuoneka!" Ana adathamangira panja mwachizolowezi kuti akagwire mlongoti, n'kuzindikira ali pakhomo kuti ntchito ija yatha. Mlongotiwo tidaugwetsa tsiku lomwelo, ndipo bulugamu wake lero ndi mtanda wa chigafa.

Moyo wa madzulo udasinthiratu. Sola ili padenga ikudzaza batire masana, ndipo TV yatsopano yopyapyala sidya moto ngati yakale ija. Bambo saphonya nkhani ndi zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo. Akafuna amayerekeza zimene yanena wailesi ina ndi zimene yanena inzake, rimoti ili m'manja. Mayi ali ndi makwaya awo ndi mapulogalamu a ulimi. Zolipira pamwezi zilipo, ndipo m'miyezi ya njala zimalemera, koma ana a m'tauni timatumiza pa foni. Mvula yamphamvu ikagwa chithunzi chimaduka kwa kanthawi, chifukwa madontho amameza mafunde a setilaiti, koma ikangokata chimabwerera chokha, popanda wotuluka panja.

Chikondwerero chenicheni chidali pa 25 January 2022. Flames, kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, idali itadutsa m'magulu a mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon, itagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi kulepherana ndi Senegal 0-0, ndipo usikuwo inkakumana ndi Morocco ku Yaoundé. Nyumba idadzaza, ena pa mphasa, ena pa mazenera. Mvula idagwa chakumadzulo n'kukata nthawi yabwino. Mphindi ya 7 yokha, Gabadinho Mhango adaona kuti goloboyi Yassine Bounou watuluka pang'ono, n'kuumenya mpira ali kutali zedi. Tidauona ukuuluka, tidauona ukupinda, tidauona ukulowa. Denga lidatsala pang'ono kusasuka! Ndipo adauonetsanso kawiri katatu, kuchokera mbali iyi ndi mbali iyo, bambo akufuula nthawi iliyonse ngati n'chigoli china.

Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi n'kupambana 2-1, koma anthu adabalalika akuimba, akukangana za chigoli chimene aliyense adadzionera yekha. M'mawa mwake, mayi asanatereke n'komwe madzi a tiyi, a mfumu a mudzi woyandikana adali atafika kale pakhomo, akuzungulira dishi ndi kufunsa komwe mnyamata wa ku Mponela uja amapezeka.

"Ndimuimbira lero lomwe, mfumu," adatero bambo. "Koma muyambe mwagula thumba la simenti, ndipo mapapaya ali kumpoto kwa nyumba yanu aja achoke."