Kufufuza vuto la netiweki pakati pa ma VM a m'makompyuta osiyana

VM ndi kompyuta yongoyerekezera, yopangidwa ndi pulogalamu, imene imagwira ntchito mkati mwa kompyuta yeniyeni. Kampani ya IBM inatulutsa VM/370 mu 1972, ndipo masiku ano mapulogalamu odziwika ndi VirtualBox, VMware, Hyper-V ndi KVM. Ma VM awiri akakhala m'makompyuta osiyana, uthenga umadutsa pa khadi la netiweki longoyerekezera, khadi lenileni, chingwe kapena Wi-Fi, kenako switchi kapena rauta. Vuto likhoza kukhala paliponse panjirayi, choncho amisiri amafufuza mwadongosolo, kuyambira pa makompyuta enieniwo.

Kuyesa makompyuta enieni

Choyamba ndi kuona ngati makompyuta awiri enieniwo akulumikizana. Izi zimachitika ndi lamulo la ping, limene Mike Muuss analemba mu 1983. Limatumiza kauthenga ku adiresi ya IP n'kudikira yankho. Makompyuta enieni akapanda kuyankhana, nthawi zambiri vuto silikhala mu VM koma pa chingwe, pa rauta kapena pa magetsi.

Mtundu wa kulumikiza

Mu VirtualBox, VM yatsopano imayamba ili pa NAT ndipo imapatsidwa adiresi ya 10.0.2.15. Imatha kulowa pa intaneti, koma makina akunja sangaipeze chifukwa yabisika kuseri kwa kompyuta yeniyeni. Mtundu wa host-only umalumikiza VM ndi kompyuta imene ilimo komanso ma VM ena a momwemo basi. Kuti ma VM a m'makompyuta osiyana aonane, amaikidwa pa bridged, ndipo iliyonse imalandira adiresi yakeyake pa netiweki ya muofesi. Bridged imavuta nthawi zina pa Wi-Fi, choncho ndi bwino kuyesa ndi chingwe.

Maadiresi ndi firewall

Adiresi yoyamba ndi 169.254 imasonyeza kuti VM sinalandire adiresi kuchokera ku DHCP. VM yokoperedwa kuchokera ku inzake ikhoza kutenga adiresi ya MAC yofanana, ndipo switchi imasokonezeka, uthenga n'kumafika mwa apo ndi apo. Mankhwala ake ndi kupatsa imodzi MAC yatsopano. Komanso firewall ya Windows nthawi zambiri imakana ping, moti kusayankha sikutanthauza kuti njira yaduka. Ngati timauthenga tating'ono tikudutsa koma mafayilo akuluakulu akukanika, amisiri amaona MTU, yomwe pa Ethernet imakhala mabayiti 1500.

Makompyuta otalikirana

Zonsezi zimakwanira makompyuta akakhala m'nyumba imodzi. Koma ngati, mwachitsanzo, VM ina ikusunga kaundula wa sukulu kapena wa chipatala ku Nambuma, ndipo inzake ili ku ofesi mumzinda wa Lilongwe, bridged payokha sithandiza. Kumidzi intaneti imadalira kwambiri netiweki ya mafoni monga ya Airtel ndi TNM, ndipo pa netiweki za mafoni makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya poyera, choncho uthenga wochokera kunja sufika pa VM. Apa pamafunika VPN, monga OpenVPN kapena WireGuard, yoyambira ku mbali ya kumudzi.

Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta ikhoza kugawa maadiresi ena, ndipo ma VM amene dzulo ankalumikizana amasowana, ntchito ya kaundula n'kuima. Pofuna kupewa zimenezi, ma VM osunga zinthu zofunika amapatsidwa adiresi yosasintha.