Kodi mumadziwa? Mmisiri wa m'thupi mwanu sapita kutchuthi

Kodi mumadziwa kuti pomwe mukuwerenga mzere uno, mafupa anu apanga kale maselo ofiira a magazi mamiliyoni angapo? M'mafuta a m'kati mwa mafupa mumabadwa maselo pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, poti selo lofiira limangokhala masiku 120 n'kufa. N'chifukwa chake wopereka magazi sauma: madzi a m'magazi amabwerera m'masiku awiri, maselowo m'masabata ochepa.

Nanga nkhanambo? Mukadzicheka posenda chinangwa, magazi amaundana m'mphindi zochepa n'kutseka pakhomo. Asilikali a m'thupi amafika kudzasesa tizilombo, khungu latsopano n'kuyamba kukwawa kuchokera m'mphepete mwa bala. Nkhanambo ndi denga la amisiriwo, ndipo mwana woitokosa akusasula denga mvula ili pakati. Komabe chigamba ndi chigamba: chipsera chimalimba kufika pa 80 peresenti yokha ya khungu lakale, ndipo sichimera ubweya kapena kutuluka thukuta.

Kodi mumadziwa kuti chiwindi chimaphuka ngati chitsa cha bulugamu? Madokotala akadula magawo awiri mwa atatu, chotsalacho chimakula kufika pafupifupi msinkhu wakale m'miyezi yochepa. Chomwe sichipirira ndi kachasu wa m'mawa ndi madzulo, zaka ndi zaka. Pamenepo chimadzaza zipsera n'kuuma gwa.

Matumbo nawo amasintha khungu lawo la m'kati pasanathe sabata.

Mu 1974, dokotala wa ana ku Sheffield, Cynthia Illingworth, analemba kuti nsonga ya chala cha mwana wamng'ono ikaduka, mwina ndi chitseko, ikhoza kumeranso ndi chikhadabo chomwe, bola muzu wa chikhadabocho utsale ndipo bala lisasokedwe. Izitu zimachitika bala likutsukidwa ndi kumangidwa kuchipatala, osati kupakidwa phulusa kuseri kwa khitchini.

Iyi ndiye yovuta kuikhulupirira kuno kwathu. Kodi mumadziwa kuti panali dokotala amene ankapatsa odwala malungo mwadala, n'kulandira nazo mphoto ya Nobel? Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna anaona kuti kutentha thupi kwambiri kumafooketsa tizilombo ta chindoko chomwe chalowa m'bongo. Kuyambira 1917 ankabaya odwala otere magazi a munthu wa malungo, thupi likawotcha kokwanira n'kuwamwetsa kwinini. Mphotoyo anailandira mu 1927. Ena ankafa ndi malungowo, ndipo penisilini atabwera njirayi inatayidwa, mwamwayi. Chomwe inasonyeza n'chakuti kutentha thupi ndi chida chimodzi cha thupi pankhondo.

Tsono nkhani ya maganizo. Kodi mumadziwa kuti nkhawa imachedwetsa bala kupola, ndipo zinayezedwa ndi masiku? Mu 1995, Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake a ku Ohio State University anatenga amayi 13 osamalira abale odwala matenda oiwala a ukalamba, ndi amayi ena 13 opanda mtolo umenewu. Aliyense anam'boola kabala kofanana pamkono. Mwa osamalira odwala aja, kabalako kanatenga masiku pafupifupi 49 kuti kapole. Mwa anzawo, masiku 39. Nkhawa yosatha imachulukitsa homoni ya cortisol, imene imatopetsa asilikali oyamba kufika pabala. Ine ndikawerenga izi ndimakumbuka magadiyani a m'zipatala zathu, ogona pasimenti, ophika phala usiku, amene aliyense wobwera amangowafunsa kuti "odwala ali bwanji?" Za iwo eni palibe wofunsa.

Gulu lomwelo linayesanso ophunzira 11 a udokotala wa mano mu 1998. Kabala ka m'kamwa kanachedwa kupola ndi masiku atatu nthawi ya mayeso poyerekeza ndi nthawi ya tchuthi, mwa munthu yemweyo. Mu 2005 anafika m'mabanja: mwa mabanja 42, aja olankhulana mwaukali ndi monyozana mabala awo ankapola pang'onopang'ono kuposa a anzawo. Amkhalapakati a maukwati angaonjezere zimenezi pa malangizo.

Kodi mumadziwa kuti mtima umaswekadi ndi chisoni? Madokotala a ku Japan anafotokoza matendawa mu 1990 n'kuwatcha takotsubo, dzina la mphika wokolera nyama ya m'nyanja yotchedwa octopus, monga ife tikolera nsomba m'mono, chifukwa chipinda china cha mtima chimafufuma n'kufanana ndi mphikawo. Amagwira makamaka amayi osiya kusamba, nthawi zina atangolandira uthenga wa maliro. Chifuwa chimapweteka ngati mtsempha wa mtima watsekeka, pomwe mitsempha ili bwinobwino. Ambiri amachira m'masabata ochepa, koma ena amapita nawo.

Nanga piritsi lopanda mankhwala, lija amati placebo? Mu 1978 ku San Francisco, Jon Levine ndi anzake anapatsa anthu ongozulidwa mano jekeseni wopanda kanthu, ena ululu n'kuchepadi. Atawabaya naloxone, mankhwala otsekereza mphamvu ya morphine, mpumulo uja unatha. Ndiye kuti bongo, utakhulupirira kuti thandizo lafika, unali utatulutsa mankhwala akeake opha ululu, ma endorphin. Sikunali kunamizira.

Apa ndi pomwe ogulitsa machiritso m'mabasi ndi pa WhatsApp amalekera nkhani, koma ili ndi mchira. Mu 2011 ofufuza a ku Harvard anapatsa odwala mphumu mpope wa salbutamol weniweni, tsiku lina mpope wopanda mankhwala. Odwalawo ananena kuti apeza bwino pafupifupi mofanana maulendo onse awiri. Makina oyeza mpweya sanavomereze: mankhwala enieni anatsegula mapapo ndi 20 peresenti, abodza aja 7 peresenti, chimodzimodzi ndi tsiku lomwe sanalandire chilichonse. Munthu ankamva kupepuka, mapapo ali chitsekekere. N'zomwe zimachitika munthu akasiya ma ARV chifukwa wauzidwa kuti wachira: miyezi yoyamba amadzimva wamphamvu, kachilombo kakuswana mwakachetechete.

Ndipo kodi mumadziwa kuti chinthu cholimba kuposa zonse m'thupi ndicho sichidzikonza? Fupa lothyoka la munthu wamkulu limalumikizana m'chikhakha pakatha masabata 6 mpaka 8, la mwana msanga kuposa apo. Koma chikuto choyera cha dzino chilibe maselo amoyo. Dzino likabooka, bowolo silidzitseka, ngakhale mwini wake akhale wosangalala chotani.