Pagule Fumbi Ndiwe Mwini

Dzuwa likapendeka m'komboni ya Pamodzi ku Ndola, anyamata ndi atsikana amasonkhana pamphambano. Wina amatsegula nyimbo, ena amaomba m'manja, ndipo fumbi limakwera. Makolo ambiri amati kumeneku nkutaya nthawi cabe. Koma m'makwalala otere ndimo mucokera mavinidwe amene oimba ochuka amadyerapo ndalama.

Umboni uli pafupi. Ku Kitwe, mtunda wa makilomita ngati 60 kucokera ku Ndola, kuli komboni yochedwa Chimwemwe. M'zaka za m'ma 2010 dziko lonse la Zambia linadziwa gule wochedwa ndi dzina la komboniyi. Oimba a ku Migodi anamutenga ndi kumuika m'makanema a nyimbo zao, ndipo posacedwa anali kuvinidwa pamaukwati ku Lusaka ndi ku Chipata komwe. Nyimbozo zinalembedwa maina a eni ake, koma gule uja anangotsala ndi dzina la komboni.

Kuvina kwa m'makomboni a ku Migodi sikunayambe lero. M'caka ca 1956, katswiri wa za cikhalidwe ca anthu, J. Clyde Mitchell, anafalitsa buku lonena za gule wa kalela amene anaona ku Luanshya. Anyamata a Cibisa anali kuvina pa Sondo masana, atabvala zaukhondo kweni-kweni, nsapato zikung'anima. Ng'oma zao zinali za migolo ya mafuta yokutidwa ndi cikopa ca ng'ombe. Wina anali kubvala ngati dokotala, ndipo nyimbo zao zinali kuseka mitundu ina ya m'tauni. Anali anthu a nchito wamba, koma pabwalo anali mafumu.

Ngakhale kutsidya kwa nyanja nkhani ndi yomweyi. M'caka ca 1983, woimba wa ku America, Michael Jackson, anadabwitsa dziko pa wailesi ya kanema poimba nyimbo yake ya Billie Jean. Anaoneka ngati aponda kutsogolo, cikhalireco thupi lonse likutsetsereka cam'mbuyo. Kavinidweka anakacha moonwalk, ndipo ambiri anayesa kuti wakapeka yekha.

Sizinali tero. Acinyamata akuda a m'makwalala a ku America anali kukavina kale, akukachula backslide. Cinsinsi cake ncakuti thupi limatsamira pa zala za phazi limodzi, pamene phazi lina, looneka ngati laponda zolimba, likukwekwereka cam'mbuyo. Wovina wina, Jeffrey Daniel wa gulu la Shalamar, anakaonetsa pa wailesi ya kanema ku Britain mu 1982, Jackson asanakavine pagulu. Jackson mwini wace anabvomereza m'buku la moyo wace la mu 1988 kuti anaphunzitsidwa ndi acinyamata, ndipo iye anangokasalaza. Anamwalira mu 2009, koma kufikira lero moonwalk ichulidwa pamodzi ndi dzina lace, pamene aphunzitsi ace adziwidwa ndi owerengeka okha.

Anthu a kumudzi sangadabwe nazo. Cimtali, citelele ndi ngoma sizinapekedwe ndi munthu mmodzi. Mtsikana amaonera amai ace pabwalo mwezi ukawala, naonjezapo kace, ndipo mng'ono wace amatengera kwa iye. Kusiyana nkwakuti kumudzi palibe wolemera ndi gule wa anzace, pamene m'tauni kavinidwe kamodzi kangathe kumangira woimba nyumba.

Cotero woimba wotenga gule m'komboni ayenera kuchula kumene wamutenga, ndi kulipira moyenera acinyamata obvina kumbuyo kwace. Makolo naonso asamangokalipa. Mwana apite ku sukulu m'mawa, koma madzulo asalandidwe bwalo. Akulu anati pagule fumbi ndiwe mwini, ndipo fumbi lobvinira oimba a lero linautsidwa ndi mapazi a ana a m'makomboni monga Pamodzi ndi Chimwemwe.