Kanema wa Mandela pakati pa migodi ya ku Rustenburg

Pa 28 November 2013, nyumba zoonetsera kanema m'dziko la South Africa zinayamba kuonetsa filimu ya mbiri ya moyo wa Nelson Mandela yotchedwa Mandela: Long Walk to Freedom. Patangotha sabata imodzi, pa 5 December, mkuluyu anatsikira kuli chete. Uthenga wa imfa yake unafika ku London filimuyi ikuonetsedwa pamaso pa ana ake awiri, Zindzi ndi Zenani, ndipo amene anaikonza, Anant Singh, ndiye analengeza za malirowo kanemayo atangotha. Kuyambira tsiku limenelo, kukaonera filimuyi kunali ngati kukakhuza maliro.

Ndi filimu yogwira mtima, makamaka ukaionera pa chinsalu chachikulu, magetsi atazima, uli pakati pa khamu la anthu. Idris Elba wa ku Britain, amene anasewera ngati Mandela, nkhope siifanana kwenikweni ndi ya mwini wakeyo, koma mawu ndi kayendedwe anazitengera bwino. Naomie Harris, yemwe anali Winnie, akuonetsa mmene mayi wansangala anaumira mtima chifukwa cha ndende ndi nkhanza za apolisi. Ambiri angavomereze kuti mbali ya mayiyu ndi imene imatsalira m'maganizo munthu akatuluka panja.

Koma kanema saoneka chimodzimodzi kwa aliyense. Dera la Rustenburg, m'chigawo cha North West, ndi kuchimake kwa miyala ya platinum, ndipo migodi yake imakoka anthu ochokera ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique ndi maiko ena a kuno kummwera kwa Africa. M'filimuyi muli gawo loonetsa apolisi akuombera anthu ku Sharpeville pa 21 March 1960, pomwe anthu 69 anaphedwa. Kwa woonera wa ku London imeneyo ndi mbiri yakale. Kwa anthu a m'dera la migodili linali bala losapola, pakuti pa 16 August 2012 apolisi a boma la demokalase anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa kampani ya Lonmin ku Marikana, kummawa kwa Rustenburg. Anthuwa ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Pomwe filimuyi inkatuluka, bungwe lofufuza za imfazi, lotsogozedwa ndi woweruza wopuma Ian Farlam, linali likumvabe maumboni.

Apa ndi pamene pagona vuto la mafilimu a mbiri ya atsogoleri. Amatha pa tsiku la chikondwerero. Ya Mandela ikuthera mu 1994, mwini wake atakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo woonera amatuluka mtima uli mmalo. Koma wokhala m'zisakasa zamalata ku Nkaneng, pafupi ndi kaphiri komwe anzake anafera, amadziwa kuti nkhani siinathere pomwepo. Mu January 2014, filimuyi isanazilale n'komwe, anthu pafupifupi 70,000 a m'migodi ya platinum anayamba sitalaka motsogozedwa ndi bungwe la AMCU, ndipo inatenga miyezi isanu.

Kanema ndi migodi zinadziwana kale. M'zaka za m'ma 1920, mmishonale wa ku America, Ray Phillips, mothandizidwa ndi eni migodi ya golide ya ku Johannesburg, ankazungulira m'makomboni kuonetsa mafilimu oseketsa monga a Charlie Chaplin. Cholinga chinali chosabisa: anthu aseke, mitima izizire, aiwale za sitalaka. M'makomboni oterewa ndi momwe agogo athu ambiri opita ku Joni pa Wenela ankakhala, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70, inachititsa Kamuzu Banda kuimitsa ulendowu.

Mu 2014 zinthu zinatembenuka, kanema anakhala mboni ya ogwira ntchito. Rehad Desai anatulutsa Miners Shot Down, yomwe mulibe ochita sewero. Muli zithunzi zenizeni za masiku a sitalaka ya ku Marikana, zina zojambulidwa ndi apolisi ndi alonda a kampani. Ikufunsanso za mbali ya Cyril Ramaphosa, yemwe kale anali mlembi wamkulu wa bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM koma nthawiyo anali mmodzi wa oyendetsa Lonmin. Lipoti la Farlam la mu 2015 silinamupeze wolakwa, ngakhale mabanja ambiri a omwalirawo sanakhutire nalo. Filimuyi inafika kwa anthu kudzera m'maholo a m'madera ndi m'masukulu aukachenjede, ndipo mu 2015 inalandira mphotho ya International Emmy.

Munthu amene amakumbukika kwambiri mufilimuyi si wandale. Ndi Mgcineni Noki, wodziwika ndi dzina loti Mambush, wa ku Eastern Cape, amene ankayankhulira anzake atafunda bulangete lobiriwira. Akuoneka akukambirana ndi apolisi pamaso pa khamu lomwe lakhala pansi pa kaphiri paja. Madzulo a pa 16 August anali mmodzi wa anthu 34 aja. Kampani ya Lonmin inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, koma chaka chilichonse tsikuli likafika anthu amasonkhanabe pa kaphiripo.