Mapiritsi Obwera pa Positi

Pa 24 June 2022, khoti lalikulu la ku America linafafaniza chigamulo cha 1973 chomwe chinkalola amayi kuchotsa pakati m'dziko lonselo. Zigawo ngati Texas ndi Louisiana zinaletsa mchitidwewu, zipatala zina n'kutsekedwa. Koma kuchotsa pakati sikunathe ayi, kunangosamukira ku positi.

Bungwe la Aid Access, lomwe analiyambitsa mu 2018 Dr Rebecca Gomperts wa ku Netherlands, limatumiza mapiritsi a mifepristone ndi misoprostol kwa amayi oitanitsa pa intaneti. Ku Mexico nako, amayi ongodzipereka a gulu la Las Libres amawolotsa mankhwalawa malire, osalipiritsa.

Mpingo wathu unanena poyera mu 2019 kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika, komanso kuti mayi amene wapanikizika ndi nkhaniyi achitiridwe chifundo, asanyozedwe. Chodetsa nkhawa pa zaumoyo n'chakuti mayi amamwa mankhwalawa ali yekhayekha kuchipinda, kawirikawiri asanaunikidwe n'komwe. Ngati mimba yakhala m'njira ya mazira osati m'chiberekero, mapiritsiwa saichotsa. Njirayo ikhoza kuphulika, magazi n'kumatayikira m'kati, pomwe mwiniwake akuzengereza kupita kuchipatala poopa malamulo.

Mu 2024 Louisiana inaika mankhwala awiriwa m'gulu la osungidwa mokhwima. Madokotala kumeneko anadandaula, chifukwa misoprostol yemweyo ndiye amaletsa kutaya magazi mayi akangobereka, monga zimachitikira m'zipatala zathu kuno.