Amisiri okonza revolver ya mpikisano ku America

Mfuti ya revolver ikamatuluka m'fakitale ya Smith & Wesson, Ruger kapena Colt imakhala yokwanira kale pa ntchito imene inapangidwira. Mlenje sadandaula nayo, mlonda chimodzimodzi. Amene amaiona kuperewera ndi munthu wa mpikisano, yemwe amapambana kapena kugonja ndi kachigawo ka sekondi, kapena ndi chipolopolo chimodzi chimene chaphonya pakati pa chandamale ndi sentimita imodzi. Ku United States, kumene masewera owombera ndi mfuti zam'manja ali ndi anthu ambiri, munthu wotere akangogula mfuti amayamba kufunsa za mmisiri. Ndipo masiku ano mmisiri wodziwadi revolver ngosowa kuposa mfutiyo.

Ntchito ya mmisiriyu imamveka bwino munthu akadziwa zimene zimachitika chala chikakoka trigger. Revolver ili ndi silinda yozungulira ya mabowo 6, pena 7 kapena 8, bowo lililonse chipolopolo chake. Pa kawomberedwe ka double action, komwe ampikisano ambiri amagwiritsa ntchito, kukoka kamodzi kumamasula silinda, kuizunguza kuti bowo lotsatira liyang'anizane ndi mpope, kuitsekanso, kukweza hamala ndi kuigwetsa. Mphamvu yonseyi imachokera m'chala chimodzi. Pa mfuti yatsopano chalacho chimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 5 kapena kuposerapo, chonsecho mfutiyo imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Kukokako kukamagwiragwira, mfuti imapendekeka chipolopolo chisanatuluke.

N'chifukwa chake ntchito imene amisiri amapemphedwa kwambiri ndi yosalaza kukokaku, imene eni ake amaitcha action job. Mmisiri amatsegula chivundikiro cham'mbali, amachotsa tizitsulo tonse n'kutiyala pa benchi, kenaka amafufuza pamene chitsulo chakhala chikukhula chinzake. Timizere towala pa hamala ndi m'kati mwa thupi la mfuti ndi timene timamuuza. Malo amenewo amawasalaza ndi timiyala tonolera, amabwezera zonse, amayesa kukoka, amamasulanso. Akhoza kumanga ndi kumasula mfuti imodzi kambirimbiri tsiku limodzi. Nzeru yonse yagona pa kudziwa polekera. Hamala ndi trigger za mfuti zakale za Smith & Wesson zinkalimbitsidwa pamwamba pokha, ndipo pansi pa kakhungu kolimbako chitsulo n'chofewa. Wopala mopitirira amaboola kakhunguko. Mfuti imakoma miyezi ingapo, kenaka imayamba kudyeka. Zili ngati telala ndi nsalu: akadula, wadula. Palinso malo amene mmisiri wabwino sawakhudza popanda chifukwa chenicheni, makamaka kamphako kamene kamagwira hamala ikakwezedwa. Kakapalidwa molakwika, hamala imatha kugwa pongoikankha ndi chala chachikulu, ndipo mfuti yotere ndi yoopsa kwa mwini wake ndi kwa aliyense woima pafupi.

Pa masipuling'i ndi pamene wodziwa amasiyana ndi wongoyerekeza. Kufewetsa trigger n'kosavuta. Aliyense akhoza kuika sipuling'i yofewa kapena kumasula kasikuluwu kamene kamakunga sipuling'i yaikulu. Koma hamala nayo imayamba kugwa mofooka, ndipo primer, kachibatani kakumbuyo kwa chipolopolo kamene kamayatsa onga, imakana kuphulika. Pa mpikisano palibe chowawa kuposa kumva kachitsulo kakungogunda mfuti osalira, wotchi ikuyenda. Amisiri odziwa amatsitsa kukoka mpaka makilogalamu 3 kapena 3.5, ena kutsikirapo, koma amamuuziratu mwini kuti mfuti yake izidya zipolopolo za primer ya Federal, imene imaphulika mosavuta kuposa ya makampani ena, ndipo primer iliyonse ikhale yokankhidwa mpaka pansi pa malo ake. Mfuti yotere yasanduka ya pabwalo la masewera basi. Mmisiri woona mtima amanena mosapita m'mbali kuti isadaliridwenso podziteteza, ndipo ine ndimaona chenjezo limeneli kukhala mbali ya ntchito imene munthu walipira.

Kunja kwa trigger, mmisiri amayang'ana timing, kuti silinda izitsekeka pamalo pake hamala isanagwe. Bowo likapanda kuyang'anizana bwino ndi mpope, chipolopolo chimameteka polowa ndipo tizidutswa ta mtovu timathamangira m'mbali, komwe kwaima mnzako. Amayeza mpata wa pakati pa silinda ndi mpope, womwe umakhala pafupifupi mamilimita 0.15. Amayezanso kusewera kwa silinda kutsogolo ndi kumbuyo, n'kukuchotsa ndi timawashala topyapyala kwambiri. Pomaliza amasema pang'ono milomo ya mabowo a silinda kuti zipolopolo zizilowa mosakodwa.

Luso limeneli linakula ndi apolisi. Mu 1962 bungwe la National Rifle Association linayambitsa mpikisano wa apolisi wa dziko lonse, ndipo masewera amenewa, otchedwa PPC, anafalikira m'maboma ambiri. Mpikisano wake waukulu ndi wa zipolopolo 150, mapointi 1500, ndipo zina zimawomberedwa pa mtunda wa mayadi 50, pafupifupi mamita 46, kulunjika kamalo kapakati kotalika mainchi 3, m'lifupi mainchi 2. Mfuti imene wapolisi ankayenda nayo m'chiuno sinkatha kuchita zimenezi mobwerezabwereza. Amisiri anayamba kutenga Model 10 ya Smith & Wesson, kuchotsa mpope wake n'kuika wonenepa ndi wolemera, pamwamba pake n'kumanga chitsulo chachitali chonyamula zoyang'anira chandamale zosinthika malinga ndi mtunda. Bill Davis wa ku California, yemwe anali wapolisi wa pamsewu asanakhale mmisiri, ndi Ron Power wa ku Missouri anatchuka ndi mfuti zoterezi, ndipo mpaka lero mfuti yokhala ndi dzina la mmodzi wa iwo imagulidwa mwaulemu.

Chimene chimandikoka mtima pa mbiri ya amisiriwa n'chakuti ambiri anayamba ali owombera. Jim Clark wa ku Louisiana anatsegula shopu yake mu 1950 ndipo mu 1958 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mfuti zam'manja. Mwana wake Kay anakwatiwa ndi Jerry Miculek, yemwenso amakonza mfuti ndi manja ake. Mu 1999 Miculek anawombera zipolopolo 8 m'sekondi imodzi ndi revolver, ndiponso anawombera 6, kudzazanso, n'kuwombera zina 6 m'masekondi 2.99. Liwiro lotere silitheka pa mfuti imene trigger yake imachedwa kubwerera kutsogolo, ndipo ili ndi phunziro limene amisiri odziwa mpikisano amalimvetsa: sipuling'i yobwezera trigger ikafewetsedwa mopitirira, chala cha katswiri chimaipitirira mfutiyo. Kudzaza mwachanguko kumatheka ndi moon clip, kachitsulo kopyapyala kogwira zipolopolo zonse pamodzi kuti zilowe ndi kutuluka nthawi imodzi. Mfuti zina, monga Model 625, zimabwera zokonzekera kale kachitsuloka. Zina amisiri amazisema nkhope ya silinda pa makina kuti kakwane. Bungwe la ICORE, lomwe linayamba mu 1991 kuti a revolver azipikisana okhaokha, linapatsa amisiri ntchito yambiri yamtunduwu.

Ophunzira ntchitoyi amadzera njira zosiyanasiyana. Ena amapita kusukulu. Ku Trinidad, m'boma la Colorado, kuli koleji imene P. O. Ackley anayambitsako maphunziro okonza mfuti mu 1947. Kwina kulinso Colorado School of Trades, Pennsylvania Gunsmith School ndi Lassen Community College ku California. M'masukulu amenewa wophunzira amayamba ndi tupa ndi makina osemera zitsulo, kudzipangira zipangizo zake, asanafike pa mfuti yeniyeni. Ena anachokera ku ntchito ya makina m'mafakitale, ena anali osamalira mfuti za apolisi ndipo anaphunzitsidwa ndi fakitale. Pa mabenchi ambiri pamapezeka mabuku a Jerry Kuhnhausen ofotokoza miyeso ya kachitsulo kalikonse, ndi katalogu ya Brownells ya ku Iowa, komwe amisiri amagula zipangizo.

Lamulo la mu 1968 limafuna kuti aliyense wokonza mfuti za anthu ngati bizinesi akhale ndi chiphaso cha boma, chimene chimaperekedwa ndi nthambi ya ATF, ndipo mfuti iliyonse yogona m'shopu imalembedwa m'kaundula. Koma chiphasocho sichiyesa luso. Chimangotsimikiza kuti munthuyo ndi wololedwa kusunga mfuti za anthu ena. Ku Germany zinthu n'zosiyana, chifukwa wokonza mfuti amaphunzira zaka 3 pansi pa mmisiri wamkulu n'kulemba mayeso. Ku America chikwangwani cha pakhomo sichiuza munthu ngati mwini shopu anatsegulapo revolver kapena amangomanga magalasi oyang'anira pa mfuti za alenje. Bungwe la American Pistolsmiths Guild, lomwe linakhazikitsidwa mu 1977, limalandira munthu pokhapokha anzake ataona ntchito ya manja ake, koma mamembala ake ndi ochepa ndipo ambiri ndi akatswiri a pisitolo ya 1911, osati revolver.

Motero wofuna mmisiri amayambira pa bwalo la mpikisano. Amaona mfuti za amene akupambana, makamaka zimene zatha tsiku lonse osakana kulira, amapempha kukoka trigger ya mfuti yopanda zipolopolo pamalo ololedwa, ndipo amafunsa amene anaikonza ndi zipolopolo zimene yadya chiikonzere. Funso lachiwirili ndi lofunika kwambiri. Mfuti iliyonse imakoma tsiku lochoka kwa mmisiri. Yokonzedwa bwino ndi imene ikukomabe itawombera zipolopolo masauzande ambiri.

Mmisiri woyenera amadziwikanso ndi mafunso ake. Asanatchule mtengo amafunsa kuti, "Mumasewera mpikisano uti, bambo? Zipolopolo mumagula kapena mumadzaza nokha? Primer mumagwiritsa ya kampani iti?" Amafunsa chifukwa bungwe lililonse lili ndi malamulo ake. IDPA imaika malire pa kutalika kwa mpope ndi pa zimene zingasinthidwe. Pa mpikisano wa ISSF wa mamita 25 wa centre-fire, trigger iyenera kunyamula magalamu 1000 osagwa, ndipo oyang'anira amaiyeza ndi sikelo yake. Mmisiri wosadziwa malamulowa akhoza kugwira ntchito yooneka bwino imene ingamuchotsetse munthu pa mpikisano. Wolonjeza trigger yofewa kwambiri osafunsa za primer, kapena wonena kuti achotse kachitsulo kotchinga hamala kuti kukoka kusalale, ndi wofunika kumusiya. Nthawi zambiri mmisiri wabwino amakhala kutali, mfuti imatumizidwa kwa iye, ndipo kudikira kumatenga miyezi, pena kupitirira chaka. Owombera ozolowera amatumiza mfuti nyengo ya mipikisano ikangotha, ndipo ikabwera amayamba aiyesa ndi zipolopolo zambiri asanapite nayo pa mpikisano waukulu.

Kudikirako kumachokera m'kuchepa kwa amisiri. Kuyambira m'ma 1980 apolisi a ku America anasiya revolver n'kutenga mapisitolo monga Glock, omwe kachitsulo kakathyoka umangochotsa n'kuika kena popanda tupa. Osamalira mfuti za apolisi, omwe kale ankaphunzira kupala ndi kukwanitsa tizitsulo ta revolver, anasiya kuphunzitsidwa zimenezo. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi Colt Python, imene inayamba kupangidwa mu 1955. Tizitsulo take tinkakwanitsidwa ndi manja ku fakitale, ndipo kachitsulo kamodzi kamagwira ntchito zingapo, moti ukakonza apa pena pamasokonekera. Colt italeka kuipanga mu 2005, odziwa kukonza timing yake anali atayamba kale kukalamba, ndipo lero amisiri ambiri amakana kuilandira. Python imene inabwerera mu 2020 ili ndi tizitsulo tochepa, topangidwa pa makina amakono. Nayo Smith & Wesson kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 imaumba tizitsulo tambiri m'chikombole, ndipo timatuluka tofanana kwambiri kuposa takale. Amisiri achikulire ena amatinyoza, koma ena amavomereza kuti timasalala bwino ndipo sitifuna kupala kwambiri. Fakitaleyo ilinso ndi nthambi ya Performance Center yogulitsa mfuti zokonzekera mpikisano monga Model 627 ndi 929, ndipo makampani monga Apex Tactical amagulitsa mahamala opepuka ndi zina zongoika. Zonsezi zachepetsa ntchito ya tupa, komabe ampikisano ambiri amene agula mfuti zimenezi amazitumizabe kwa mmisiri, chifukwa fakitale sidziwa chala cha munthu kapena zipolopolo zimene amadzaza.

Achinyamata olowa ntchitoyi alipo, ngakhale si ambiri, ndipo ndalama zake si zokopa poyerekeza ndi zimene munthu wodziwa makina angalandire m'fakitale ya ndege kapena ya magalimoto. Amene amalimbikira nthawi zambiri amakhala owombera revolver iwo eni. Amagula ma Model 10 akale amene apolisi anagulitsa motchipa, amawatsegula ndi kuwatseka, amawononga tizitsulo togula ndi ndalama zawo, ndipo mfuti yoyamba imene amaionetsa kwa anthu imakhala imene akupikisana nayo okha Loweruka pa bwalo la kwawo.