Gitala ndi Nkhalango: Tikumbuke a Kenneth Kaunda

Pa 17 Juni 2021 a Kenneth Kaunda anatisiya m'chipatala cha Maina Soko ku Woodlands, ali ndi zaka 97. Ambiri amawakumbukira monga msilikali wa ufulu ndi mtsogoleri woyamba wa Zambia. Koma ife tifuna tikumbuke zinthu ziwiri zimene mkuluyu anazikonda mpaka imvi: nyimbo ndi chilengedwe.

Anabadwa pa 28 Epulo 1924 ku mishoni ya Lubwa, m'boma la Chinsali, kwa makolo ochokera ku Nyasaland. Atate awo anali mlaliki ndi mphunzitsi, motero mwanayo anakulira pakati pa nyimbo za m'tchalitchi. Ataphunzira ku Munali muno mu Lusaka, nawonso anagwira choko. Nkhondo yomenyera ufulu itakula, ankapalasa njinga m'midzi ya kumpoto, gitala ili kumsana. Mawu a pamsonkhano amaiwalika msanga, koma nyimbo imatsagana ndi munthu kumunda ndi kuchitsime. N'chifukwa chake "Tiyende Pamodzi" inafika kutali kuposa zolankhula zawo zonse. M'zaka za m'ma 1970 analamulanso kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za ana a dziko lino, ndipo oimba athu anapeza poyambira.

Chilengedwe nachonso chinali pamtima pawo. Mu 1972 boma lawo linakhazikitsa South Luangwa kukhala nkhalango yosungirako nyama, ndipo iwo ankakonda kukapumula pa kaphiri ka Chichele, poyang'ana chigwa cha Luangwa. Nyama sankadya. Anaisiya potsutsa mabutchala a atsamunda amene ankagulitsira munthu wakuda pa kazenera, ndipo lumbirolo analisunga moyo wawo wonse.

Komabe chikondi cha mtsogoleri pachokha sichinakwanire. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mozemba anasakaza njovu za ku Luangwa, ndipo pofika 1998 zinadziwika kuti chipembere chakuda chatha m'Zambia. Mu 2003 zina zinachita kutengedwa ku South Africa kubwera nazo ku North Luangwa. Zoonadi, chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Moyo wautali uli ndi zowawa zake. Mwana wawo Masuzyo anamwalira ndi Edzi mu 1986, ndipo iwo anaulula poyera pamene ambiri ankabisa. Mu 1991 anthu, atatopa ndi chipani chimodzi ndiponso kudula kwa ufa, anawachotsa pampando. Iwo anavomera mwamtendere. Pa Khirisimasi ya 1997 anamangidwa. Mpando unapita, koma gitala inatsala, ndipo ndi iyo ankachenjeza achinyamata za Edzi mu ukalamba wawo.

Nanga ife, abale? Kuno ku Emmasdale timaona matumba a makala akutsika mumsewu wa Great North m'mawa uliwonse, ndipo thumba lililonse linali mtengo dzana. Sitingaleke kuphika, koma kudzala tingathe. Manda awo ali ku Embassy Park, nyumba yawo yakale ili ku Chilenje, nambala 394. Tipite nawo ana athu akaone. Pobwerako, tidzale mtengo wa mango pakhomo, ndipo madzulo tiwaphunzitse nyimbo imodzi ya makolo athu. Mbewu ndi nyimbo, zonsezi zimafuna wozipatsira kwa ana.